Kusankha Mutu wa Tripod ndi Zomangira Kamera

[Kanyimbo kotsegulira pulogalamu]

WOWULUTSA: Pulogalamu yophunzitsa luso lojambula zithunzi ndi mavidiyo lero ikufotokoza za chipangizo chimene ojambula ambiri amachigula pomalizira ndi ndalama zotsala, ngakhale kuti ndicho chimasenza kamera ndi lenzi zimene zinawadyera ndalama zochuluka. Chipangizochi ndi tripod, ndiko kuti choikapo kamera cha miyendo itatu, ndipo nkhani yagona makamaka pa chigawo chake chapamwamba chotchedwa mutu, pamodzi ndi timabawuti, timapuleti ndi zopanira zimene zimalumikiza kamera ku mutuwo. Mfundo imene pulogalamuyi ikutsindika ndi yakuti mutu wa tripod umasankhidwa poyang'ana kayendedwe kamene kamera ikufunika kuyenda pa ntchito yake ndiponso kutalika kwa lenzi imene ikukasenzedwa, ndipo nambala ya makilogalamu yolembedwa pa katoni imaganiziridwa pambuyo pa ziwirizi.

Gawo loyamba: chifukwa chake kugwedezeka pang'ono kumaononga chithunzi

Aliyense amene anaterekapo mphika pamoto wa nkhuni amadziwa kuti mafuwa amakhala atatu, ndipo mphikawo umakhudza onse atatu nthawi imodzi ngakhale atasiyana msinkhu pang'ono, pamene tebulo la miyendo inayi limayamba kugwedera mwendo umodzi ukangofupika. Nzeru yomweyi ndiyo ili m'miyendo ya tripod, imene imaponda yonse ngakhale pa nthaka yokumbikakumbika. Komabe miyendo imangothetsa theka la vuto, chifukwa pamwamba pake pamakhala mutu, umene unapatsidwa ntchito ziwiri zotsutsana: uyenera kulola kamera kutembenuka mosavuta pamene wojambula akusankha chimene chilowe m'chithunzi, ndipo uyenera kuuma gwa pamene wamangidwa. Mitundu yonse ya mitu imene ili pamsika ndi njira zosiyanasiyana zoyanjanitsira ntchito ziwirizi, ndipo palibe mtundu umodzi umene umapambana pa ntchito zonse.

Kukula kwa vutoli kumaoneka bwino pochita masamu ochepa. Kamera ya mtundu wa full frame ili ndi sensa, kachipangizo kolandira kuwala kamene kanalowa m'malo mwa filimu, ya mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, ndipo kamera yotere ikakhala ya ma megapixel 24, m'litali mwa chithunzi chake mumandanda timadontho 6,000 totchedwa ma pixel. Lenzi ya mamilimita 500, yonga imene amajambulira mbalame ndi mpira wamiyendo, imaona kachigawo kopapatiza ka madigiri pafupifupi 4 okha kuchokera kumanzere kufika kumanja, kutanthauza kuti kamera ikapendekeka ndi gawo limodzi mwa magawo 100 a digiri imodzi panthawi yojambula, chithunzi chimasuntha ndi timadontho pafupifupi 15, ndipo nthenga za mbalame zimaoneka mwachimbuuzi. Kugwedezeka komweko pa lenzi ya mamilimita 24, imene imaona madigiri oposa 70, sikukwana n'kadontho kamodzi komwe pakati pa chithunzi. Ichi n'chifukwa chake mutu umene umamukwanira wojambula magulu a anthu paukwati ungathe kumugwiritsa mwala wojambula mbalame, ngakhale makamera awo atakhala olemera mofanana.

Gawo lachiwiri: timabawuti timene timagwira zonse

Pansi pa kamera pafupifupi iliyonse pali kabowo ka mazinga, ndiko kuti timizere tozungulira timene bawuti imagwirira, ndipo kabowoka kamalandira kabawuti kotchedwa 1/4-20, dzina limene likutanthauza kuti kabawutiko n'konenepa kota ya inchi, kapena mamilimita 6.35, ndipo kali ndi mazinga 20 pa inchi iliyonse. Pakati pa mutu ndi miyendo pamakhala bawuti yokulirapo yotchedwa 3/8-16, yonenepa mamilimita pafupifupi 9.5, ya mazinga 16 pa inchi, imene imagwiritsidwanso ntchito pansi pa makamera akuluakulu a kanema. Miyezo imeneyi inayambira ku Britain, kumene katswiri wa makina Joseph Whitworth anakonza dongosolo la mazinga ofanana mu 1841. Makamera akale ankatsatira mazinga a Whitworth, amene mano ake amapanga madigiri 55, pamene amakono amatsatira mazinga otchedwa UNC, a madigiri 60, ndipo popeza chiwerengero cha mazinga pa inchi n'chimodzimodzi, zipangizo zakale ndi zatsopano nthawi zambiri zimalowana. Masiku ano kalumikizidwe kameneka kanalembedwa mu muyezo wa padziko lonse wotchedwa ISO 1222, ndipo ndiwo umachititsa kuti kamera yopangidwa ku Japan ikhale bwinobwino pa tripod yopangidwa ku Italy.

Pali zolakwika ziwiri zimene zimaononga makamera pamalo amenewa. Choyamba chimachitika kabawuti kakatayika ndipo mwini wake wapita ku sitolo ya zitsulo kukafuna kena, kumene amakapatsidwa bawuti ya M6, imene pamaso imafanana kwambiri ndi 1/4-20. Bawuti ya M6 ndi yonenepa mamilimita 6 ndipo mazinga ake amatalikirana milimita imodzi, pamene a kamera amatalikirana mamilimita 1.27, motero imalowa pang'ono kenako n'kukakamira, ndipo amene waikakamiza amadya mazinga a kamera. Chachiwiri ndi kutalika kwa kabawuti: kabowo ka kamera n'kosazama, ndipo mabuku a malangizo a makamera a Sony amachenjeza kuti kabawuti ka tripod kasafike mamilimita 5.5, chifukwa kotalika kuposa apo kamagunda pansi pa bowo kamera isanagwire, ndipo kangathe kuboola m'kati. Timachubu ta mazinga tosinthira bowo la 3/8 kukhala la 1/4 timathandiza pakagwa vuto, koma chilichonse choonjezera pakati pa kamera ndi miyendo ndi malo enanso opindikira. Pa matripod ambiri abwino, pansi pa mbale imene mutu umakhalapo pamakhala timabawuti ting'onoting'ono tokanikiza mutuwo kuti usamasuke pamene kamera ikutembenuzidwira kumanzere, ndipo eni ake ambiri sadziwa n'komwe kuti tilipo.

[Kanyimbo kakafupi]

Gawo lachitatu: mitu ya ojambula zithunzi

Mutu wofala kwambiri ndi wotchedwa ball head, umene uli ndi mpira wachitsulo wokhala m'chikho, ndipo chomangira chimodzi chikamasulidwa kamera imapendekera mbali iliyonse, chikamangidwa zonse zimaima nthawi imodzi. Ubwino wake ndi changu ndi kupepuka, ndipo n'chifukwa chake umakondedwa ndi oyenda maulendo ndi ojambula anthu. Kulimba kwake kumadalira kwambiri kukula kwa mpirawo, popeza mpira waukulu umapereka malo aakulu ogwira, motero mitu ya makamera opepuka imakhala ndi mpira wa mamilimita pafupifupi 30, pamene ya katundu wolemera imafika mamilimita 55 kapena kuposerapo. Mitu yabwino imakhala ndi kachomangira kachiwiri kosinthira kuuma kwa mpira, kamene kamateteza kamera kuti isagwe chamutu pamene chomangira chachikulu chamasulidwa, ndiponso tsinde lozungulira palokha. Vuto lodziwika la mtundu umenewu ndi kutsetsereka: wojambula amalunjika bwino, amamanga, ndipo akangochotsa dzanja chithunzi chimatsika pang'ono, zimene pa lenzi yaifupi sizioneka koma pa yaitali zimachotsa chinthu chojambulidwa pamalo pamene chinaikidwa.

Amene ntchito yake imafuna kulunjika kuposa changu amasankha mutu wa zogwirira zitatu, umene umalekanitsa kayendedwe ka kamera: chogwirira china chimaitembenuza kumanzere ndi kumanja, china chimaiweramitsa ndi kuidzutsa, ndipo chachitatu chimaipendeketsa cham'mbali. Kulekanitsaku kumalola wojambula kukonza mbali imodzi popanda kusokoneza zinazo, ngakhale kuti mutu wotere ndi wolemera ndipo zogwirira zake zimakola m'chikwama. Wolunjika kuposa pamenepo ndi mutu wa magiya, monga Manfrotto 410 kapena Arca-Swiss Cube, umene umayendetsa kamera pang'onopang'ono popotokola timawilo, ndipo kamera imakhala pomwe yasiyidwa popanda kumanga kalikonse. Mutu wa magiya ndi umene umayenerera wojambula nyumba, amene amafuna kuti makoma aime chilili m'chithunzi, wojambula katundu wa malonda, ndiponso wogwira ntchito yojambula zikalata zakale m'nyumba zosungiramo mabuku, kumene kamera iyenera kuyang'ana pepala mosapendekeka. Pa chinthu chothamanga mutu umenewu ndi wochedwa kwambiri.

Malenzi aakulu a mamilimita 400, 500 kapena 600, amene amalemera makilogalamu pafupifupi atatu kapena kuposerapo, ali ndi mutu wawowawo wotchedwa gimbal head, umene unatchuka kudzera ku kampani ya ku America ya Wimberley. Mutuwu suyenera kusokonezedwa ndi gimbal ya mabatire imene ojambula mavidiyo amayenda nayo m'manja. Mpira wa ball head umanyamula katundu kuchokera pansi, motero katunduyo amafuna kugwa nthawi zonse, pamene gimbal head imakoleka lenzi pa mkono wopindika mwakuti malo ozungulirapo amadutsa pa phata la kulemera, ndiko kuti pamalo pamene kulemera kwa kutsogolo ndi kwa kumbuyo, kwa pamwamba ndi kwa pansi, kumalingana. Lenzi ikakhazikidwa bwino pamenepo imayendetsedwa ndi chala chimodzi ndipo imaima paliponse pamene yasiyidwa, mofanana ndi sikelo ya mbale ziwiri imene mbali zake zalingana. Wojambula nkhwazi imene ikutsika kudzagwira nsomba pa mtsinje wa Shire ku Liwonde angathe kuitsatira m'mwamba popanda kumanga ndi kumasula, koma mutu womwewo ndi katundu wolemera wopanda phindu kwa amene lenzi yake ndi yaifupi.

Palinso mutu wa zithunzi zotambalala zotchedwa panorama, zimene zimapangidwa polumikiza zithunzi zingapo pa kompyuta. Munthu akaimika chala patsogolo pa nkhope n'kumatsinzina diso limodzi kenako linalo, chalacho chimaoneka ngati chikudumpha poyerekeza ndi zinthu zakutali, ndipo zomwezi zimachitika kamera ikazungulira pa kabawuti kake, mwakuti zinthu zapafupi ndi zakutali zimakana kulumikizana. Mutu wa panorama uli ndi kanjanji kobwezera kamera m'mbuyo kufikira kamera izizungulira pa malo ena a m'kati mwa lenzi, pamene kudumphaku kumatha.

[Kanyimbo kakafupi]

Gawo lachinayi: mutu wa mavidiyo

Wojambula chithunzi amafuna kuti kamera iime, pamene wojambula vidiyo amafuna kuti iyende mosalala, iyambe mwakachetechete ndi kuima popanda kudzidzimuka, ndipo zimenezi sizitheka ndi mutu wodalira kukhulana kwa zitsulo, chifukwa zitsulo ziwiri zokhudzana zimayamba zakakamira kenako n'kutsetsereka mwadzidzidzi. Yankho lake ndi mutu wa mafuta, wotchedwa fluid head, umene m'kati mwake muli timbale tachitsulo topyapyala toyenda m'mafuta okhuthala kwambiri. Mafutawo amakaniza mwamphamvu pamene dzanja lafulumira ndipo amalola mosavuta pamene likuyenda pang'onopang'ono, motero kunjenjemera kwa dzanja kumamezedwa kusanafike ku kamera. Robert Eric Miller wa ku Sydney, m'dziko la Australia, analembetsa umwini wa luso limeneli mu 1946. Ku America, katswiri wa makina a nthunzi Chadwell O'Connor anapanga mutu wake wa mafuta kuti azijambulira sitima zapamtunda zimene ankazikonda, ndipo wopanga mafilimu Walt Disney ataona chipangizocho anaitanitsa mitu khumi, imene inathandiza pojambula filimu ya nyama za m'chipululu yotchedwa The Living Desert, yotuluka mu 1953. Maina a Miller ndi O'Connor adakalipo pa zipangizo za kanema mpaka lero, pamodzi ndi Sachtler, kampani imene Wendelin Sachtler anaiyambitsa ku Munich mu 1958, ndi Vinten ya ku Britain.

Chinthu chachiwiri m'mutu wa vidiyo, chimene ogula ambiri sachifunsa, ndi sipuling'i yobweza kulemera, imene amaitcha counterbalance. Kamera yokhala pamwamba pa mutu ikaweramitsidwa, phata la kulemera kwake limachoka pamwamba pa malo ozungulirapo n'kupita kutsogolo, ndipo ikamaweramira kwambiri imakokanso kwambiri. Sipuling'iyo imakankha mobweza ndi mphamvu yokula mofanana, mwakuti kamera imaima pamene yasiyidwa. Sipuling'i yofooka imalola kamera kugwa chamutu, ndipo yamphamvu kuposa katundu imaidzutsa yokha, kutanthauza kuti kamera yaing'ono pa mutu waukulu wa ndalama zambiri imavutitsa mofanana ndi kamera yaikulu pa mutu waung'ono. Mphamvu yofunikayo imadalira kulemera ndiponso msinkhu wa katundu, motero kuika maikolofoni, nyali kapena kasikirini pamwamba pa kamera kumasintha zonse ngakhale kulemera kutangoonjezereka pang'ono. Mitu yotsika mtengo imakhala ndi sipuling'i ya mphamvu imodzi yosasinthika, ndipo ina imene imagulitsidwa ndi dzina la fluid imangokhala ndi girizi wopakidwa pakati pa zitsulo zokhulana, umene umafewa kukatentha ndi kuuma kukazizira.

Mutu wa vidiyo supendekera cham'mbali, choncho uyenera kuikidwa pa levulo kuchokera pansi pake. Tsinde lake likapendekeka, chithunzi chingathe kuoneka chowongoka poyamba, koma kamera ikamatembenuka mzere wa nyanja kapena denga la tchalitchi zimayamba kutsetsereka. Pofuna kupewa kusintha miyendo umodziumodzi, matripod a vidiyo ali ndi mbale yakuya pamwamba, ya mamilimita 75, 100 kapena 150, mmene mumakhala theka la mpira la pansi pa mutu, ndipo wojambula amamasula chogwirira cha pansi, n'kuyendetsa mutu kufikira kathovu ka levulo kafika pakati, kenako n'kumanga. Mutu ndi miyendo ziyenera kukhala za mbale yofanana, ndipo ichi n'choyenera kufunsa pogula ziwirizi padera. Ndondomeko yokonzekera imayamba ndi levulo, kenako kusuntha kapuleti kutsogolo kapena kumbuyo kufikira kamera isagwere mbali iliyonse, kenako kusintha sipuling'i, ndipo kuuma kwa mafuta kumasinthidwa pomalizira, chifukwa amene amaumitsa mafuta pofuna kubisa kamera yosakhazikika amatopetsa dzanja lake tsiku lonse.

[Kanyimbo kakafupi]

Gawo lachisanu: timapuleti ndi zopanira

Kumanga ndi kumasula kabawuti nthawi iliyonse kumadya nthawi ndi mazinga, motero makamera ambiri amamangiridwa kapuleti kokhalitsa, kamene kamalowa m'chopanira cha pamutu ndi kutulukamo mwachangu. Dongosolo lofala kwambiri pakati pa ojambula zithunzi ndi la Arca-Swiss, lotchedwa ndi dzina la kampani imene inayambira ku Switzerland ndipo pambuyo pake inasamukira ku France. Kapuleti kake n'kotambalala mamilimita pafupifupi 38, m'mbali mwake munasemedwa mopendekeka madigiri 45, ndipo chopanira chikamakanikiza m'mbalimo chimakokeranso kapuletiko pansi, n'chifukwa chake kamagwira zolimba. Makampani ambiri anatengera kapangidwe kameneka popanda muyezo umodzi wolembedwa, motero timapuleti tawo timasiyana pang'ono. Chopanira chopotokola ndi dzanja chimalandira pafupifupi kapuleti kalikonse, pamene chopanira cha kandodo kotseka kamodzi, ngakhale n'chachangu, chingathe kusiya kapuleti ka kampani ina kali lendelende. Timabawuti tiwiri totuluka pansi pa kapuleti, timene ena amatichotsa poganiza kuti n'topanda ntchito, ndito timaletsa kamera kupulumuka chopanira chikamasuka mwangozi.

Kampani ya Manfrotto, imene Lino Manfrotto anaiyambitsa ku Bassano del Grappa m'dziko la Italy, ili ndi timapuleti takenso, monga 200PL ka makamera a zithunzi ndi 501PL, kapuleti katali ka vidiyo kotha kusuntha kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo iti sitilowana. Phunziro lake ndi lakuti munthu kapena situdiyo asankhe dongosolo limodzi pa makamera, malenzi ndi mitu yonse, chifukwa kufika pa ntchito ndi kapuleti kosalowa m'chopanira n'chimodzimodzi kufika wopanda tripod. Vuto lina ndi kupotoka kwa kamera pa kapuleti, popeza kabawuti kamodzi sikangaletse chinthu kuzungulira, makamaka pakakhala labala wofewa pakati. Timapuleti tabwino timakhala ndi kamlomo kogwira m'mphepete mwa kamera, ta vidiyo timakhala ndi kamsomali kolowa m'kabowo kachiwiri, ndipo makamera akuluakulu amamangidwa ndi mabawuti awiri. Kwa wojambula zithunzi zoimirira pali chitsulo chopindika ngati chilembo cha L, chimene chimagwira pansi ndi m'mbali mwa kamera, mwakuti kamera imatembenuzidwa n'kukhalabe pamwamba penipeni pa mutu m'malo molendewera kumbali.

Chifukwa chake kulendewera kumavuta chimadziwika kwa aliyense amene ananyamulapo khasu poligwira kumapeto kwa mpini: chitsulo chomwecho chimalemera kwambiri m'dzanja chikakhala patali. Mphamvu yopotokola mutu imapezeka pochulukitsa kulemera kwa katundu ndi mtunda wochokera pamalo omangira kufika pa phata la kulemera, motero kamera ndi lenzi za makilogalamu atatu zimene phata lake lili masentimita 10 kutsogolo kwa kabawuti zimapotokola mutu kasanu kuposa pamene phatalo lili masentimita awiri okha. Ichi n'chifukwa chake malenzi aatali amabwera ndi lamba wachitsulo wokhala ndi phazi, ndipo phazilo ndilo limamangidwa ku mutu, kamera n'kumalendewera kumbuyo kwa lenzi. Kumanga kamera n'kusiya lenzi yolemera ikulendewera kutsogolo kumagwedeza chithunzi, komanso kungathe kupinda pakamwa pa kamera pamene lenzi imalumikizidwa.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: kuyesa musanagule, ndi kusamala pa ntchito

Nambala ya makilogalamu imene imalembedwa pa katoni imasocheretsa ambiri, chifukwa palibe njira imodzi yogwirizana imene makampani onse amayezera nambalayo, ndipo ngakhale itakhala yoona imangonena katundu amene mutu ungamusenze osagwa. Sinena kanthu za kuuma, ndiko kuti kuchepa kwa kupindika pamene mphepo kapena dzanja lakankha, ndiponso sinena za nthawi imene kunjenjemera kumatenga kuti kuthe. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mutu wonyezimira wolembedwa makilogalamu ochuluka ungathe kukhala ndi khosi lopyapyala ndi chopanira cha pulasitiki. Kuyesa kodalirika n'kosavuta: wogula amange kamera yake ndi lenzi yake yaitali koposa, akulitse chithunzi pa sikirini kufika pamapeto, alunjike pa chilembo chakutali, amange mutu n'kuona ngati chilembocho chasuntha, kenako agogode lenzi pang'ono ndi chala n'kuwerenga masekondi amene chithunzi chikutenga kuti chidekhe. Pa mutu wa vidiyo ayese kutembenuza pang'onopang'ono n'kusiya chogwirira, ndipo ngati chithunzi chikubwerera m'mbuyo pang'ono, ndiye kuti mutu kapena miyendo ikupotoka.

Mutu wabwino pa miyendo yofooka umataya ubwino wake wonse. Miyendo ya aluminiyamu ndi yotsika mtengo ndipo ikagunda imangopindika, pamene ya carbon fibre, imene kampani ya ku France ya Gitzo inayamba kugulitsa mu 1994, ndi yopepuka ndipo imameza kunjenjemera msanga. Pa mitundu yonse iwiri, zigawo zonenepa za pamwamba ndizo zimayamba kutambasulidwa, zopyapyala za pansi pambuyo, ndipo mzati wapakati umakwezedwa pokhapokha palibe njira ina, chifukwa kamera yokwezedwa pa mzatiwo yakhala pa mwendo umodzi woimikidwa pa itatu. Chikwama chokolekedwa pa ngowe ya pansi pa mzati chimaonjezera kukhazikika, koma kukakhala mphepo, monga mwera umene umaomba pa nyanja ya Malawi m'miyezi yozizira, chikwamacho chiyenera kukhudza pansi kuti chisamalendewere n'kumagwedeza zonse, ndipo lamba wa kamera amangidwe kuti asamakupize. Pa mchenga miyendo ikanikizidwe kufikira italeka kumira, pa simenti pamafunika mapazi a labala, ndipo pa dothi ndi udzu zisonga zachitsulo zimagwira bwino.

Fumbi la m'chilimwe ndi mchenga wa kunyanja ndi adani a zomangira, motero miyendo ipukutidwe isanabwezedwe m'kati, ndipo mpira wa ball head upukutidwe ndi kansalu kouma popanda kuuthira mafuta, chifukwa mafuta amaitana fumbi ndi kuchepetsa kugwira. M'galimoto yoonera nyama tripod siithandiza kwenikweni, ndipo kathumba kodzaza nyemba kapena mpunga koikidwa pa zenera, injini itazimitsidwa, kamagwira lenzi yaitali bwino kwambiri. Foni yam'manja nayo imamangidwa pa tripod kudzera m'chopanira chokhala ndi bowo la 1/4-20, ndipo chopanira chachitsulo chopotokola chimadalirika kuposa cha sipuling'i. Pomaliza, dzanja la wojambula nalo limagwedeza kamera, choncho pa zithunzi zofuna nthawi yaitali agwiritse ntchito rimoti kapena achedwetse kamera masekondi awiri atadina, ndipo awerenge malangizo a lenzi yake, popeza malenzi ena amafuna kuti makina ake oletsa kugwedezeka azimitsidwe akakhala pa tripod.

Omvera amene akukonzekera kugula akumbukire ndondomeko yake. Ayambe adzifunsa ngati kamera ikukaima kapena ikukayenda, ndiponso kuti lenzi yaitali koposa ndi ya mamilimita angati. Yankho lidzawatsogolera ku ball head, ku mutu wa magiya, ku gimbal head kapena ku mutu wa mafuta, ndipo akatero asankhe dongosolo limodzi la timapuleti ndi miyendo yolingana ndi mutuwo. Makamera amasinthidwa pakapita zaka zochepa, koma mazinga a kota ya inchi akhala osasintha kwa mibadwo ya ojambula, motero mutu wosankhidwa bwino udzasenza makamera angapo motsatizana. Asanatulutse ndalama, wogula atenge kamera yake ndi lenzi yake apite nazo kusitolo, akaziyese pa mutu umene akufuna.

[Kanyimbo kotsekera pulogalamu]